Tsiku Limene Tinasambitsa Mawailesi

M'nyumba mwathu ku Pumula, kuno ku Bulawayo, munali mawailesi akuluakulu asanu ndi awiri, koma magetsi munalibe. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa munthu akamvetsa zimenezi ndiye kuti wawadziwa amuna anga.

Iwo ankagwira ntchito ku Donnington, pa fakitale ina yopanga mawailesi. Tsiku lonse ankakhala chowerama pa benchi kuwotcherera timawaya, ndipo madzulo ankafika kunyumba malaya akununkha utsi. Mawailesi amene ankapanga kumeneko anali atsopano aja, opepuka, onyamula ndi dzanja limodzi. Ankawanyoza ngati kuti sadyerapo. "Zidole zimenezo," ankatero. Mtima wawo unali pa mawailesi akale a matabwa, okhala ndi timababu tagalasi m'kati, timene amisiri amati mavalavu. Wailesi yotere ukayatsa siyankhula nthawi yomweyo. Imayamba yafunda, timababu tija tifiire, kenako mawu n'kumabwera pang'onopang'ono. Ine ndinkati n'kuchedwa, iwo ankati ndi ulemu: munthu wamkulu safulumira kutsegula pakamwa, ndipo wofuna kumumva azidikira.

Zinali zaka zija azungu a kuno atadzipatsa okha ufulu, nkhondo ili m'tchire. Azungu ambiri ankalongedza katundu kumapita kudziko la kumwera, ndipo zimene sakanatha kunyamula ankasiyira antchito awo. Makhukhi ambiri a kumayadi anali anthu akwathu, ochokera ku Nyasalande ndi ku Chipata. Munthu wagwira ntchito zaka makumi awiri, potsanzikana n'kumupatsa chiwailesi cholemera ngati thumba la chimanga, chimene bwana mwiniyo anasiya kale kumvera. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi umangoona njinga zikulowa pa geti pathu, chiwailesi chitamangidwa ndi mphira kumbuyo. Funso la onse linali limodzi: kodi chinthuchi n'chamtengo, kapena andipusitsa?

Apa m'pamene amuna anga ankaonekera kuti ndi munthu. Ankavula jekete, n'kupinda manja a malaya, n'kuuza mlendo kuti aike katunduyo pakhonde. Sankayamba ndi kusirira kunja ayi. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," ankatero nthawi zonse. Ankainyamula kaye kuti amve kulemera, poti wailesi yabwino imakhala ndi chitsulo chambiri m'mimba. Kenako ankamasula chivindikiro cha kumbuyo n'kulowetsa mphuno. Yamoyo imanunkha fumbi ndi phula, yopsa imanunkha tsitsi lowauka, ndipo ina imangonunkha makoswe. Akatero ankazula kababu kamodzi mosamala n'kukayang'anitsa padzuwa. Pamutu pa kababu kalikonse pali kabanga: kakawala ngati kalilole ndiye kuti kali moyo, kakayera ngati ufa ndiye kuti mpweya unalowa, kanafa kale. Pomaliza ankawerenga kapepala komatidwa kumbuyo, konena kumene wailesi inapangidwa ndi mtundu wake, kenako maina a mizinda olembedwa pa galasi la kutsogolo. Mizinda ikachuluka, nkhope yawo inkawala.

Zaka za wailesi ankazidziwira pa thupi. Aatali, osongoka pamwamba ngati khomo la tchalitchi, ankati ndi akale koposa, a nkhondo yaikulu ya ku Ulaya isanayambe. Aafupi otambalala, okhala ndi mabatani oyera ondandalika ngati mano, anali a m'nthawi ya Chitaganya. Ena anali ndi kadiso kobiriwira kutsogolo, kamene amati kamatsinzina wailesi ikagwira bwino siteshoni. Za kadiso kameneka ankandifotokozera ndi manja omwe, koma ine sindinakaonepo katayaka.

Chigamulo chinali cha mitundu iwiri basi. "Iyi sungani, ndi chuma." Kapena: "Iyi chotsanimo zam'kati, nkhuku ziziikiramo mazira." Ndimakumbukira bambo wina wa ku Chipata amene anakankha njinga kuchokera kumayadi mpaka kwathu, thukuta lili kamukamu.

"Manje sibali, mukuti bwanji?" anafunsa, akusakaniza chinenero chathu ndi cha kuno. "Bwana anati ichi n'chodula maningi."

Amuna anga anazula mphuno m'wailesimo, n'kuyetsemula. "Bwana wanu sananame, chinali chodula. Koma muno munalowa anthu ena, ndipo abereka ana asanu ndi mmodzi."

Sankalipiritsa munthu. Malipiro awo anali kutchedwa katswiri, ndipo dzinalo linamveka mpaka ku Luveve ndi ku Makokoba. Vuto linali lakuti eni chuma chija nawonso kwawo kunalibe magetsi kapena malo, ndiye ankangoti, "Tengani inu odziwa." Ndi mmene tinafikira pa asanu ndi awiri. Ina tinkadyerapo, ina inali poika Baibulo ndi nyali, ndipo posesa ndinkachita kuyenda cham'mbali. Akafuna kumva imodzi ikuyankhula, ankaimangirira pa njinga kupita nayo kwa mnzawo wometa tsitsi m'tauni, kumene kunali magetsi. Ankabwerako atasangalala, n'kundisimbira mmene yayankhulira bwino.

Wailesi imene inkayankhula m'nyumba mwathu inali yanga. Bambo anga anaigula kumpoto, ku Zambia wa lero, akugwira ntchito ya pa njanji, ine ndili kamtsikana, tisanasamukire kuno ku Bulawayo, ndipo atamwalira inatsalira ine pamodzi ndi katoni yake. Inali yobulungira, ya buluu, yopangidwa ndendende ngati sefuliya yopanda chogwirira, kutsogolo kuli kasefa kotchinga mphemvu. Nayonso inali ya mavalavu, koma inkayendera batire. Amuna anga sankaiwerengera m'gulu la mawailesi. Ankaitcha poto wa apongozi. "Mayi, tabweretsani poto uja, kapena mwaphikiramo nyemba?" Nthabwala imeneyi anainena zaka khumi ndi zisanu, ndipo nthawi zonse ankaseka okha. Koma batire lake lalikulu litasiya kupezeka m'masitolo, ndi iwo omwewo amene anakhala Loweruka lathunthu akulumikiza mabatire a tochi ambirimbiri m'katoni ya nsapato, akung'ung'udza, mpaka poto anayankhulanso.

Anali ndi chifukwa. Mawailesi atsopano otchipa aja ankangogwira za konkuno, ndipo boma linkakonda zimenezo. Poto wanga ankagwira Blantyre ndi Lusaka. Tinkatsitsa mawu, poti masiku amenewo munthu womvera zakunja ankakayikiridwa, ndipo sunkadziwa amene akudutsa kuseri kwa zenera. Koma ife chimene tinkadikira kwenikweni chinali mauthenga a maliro. Dzuwa likangolowa amuna anga ankakoka mpando, khutu pa kasefa kaja, kumvetsera maina a midzi ndi a anthu omwalira. Nthawiyo ikatha osamva mudzi wawo, ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Poto ameneyu ngwaphokoso," ndipo tinkayamba kudya.

Amayi awo anali ku Dedza. Anawasiya ali mnyamata, atalonjeza kuti akangogula njinga ndi bulangete abwerera. Njinga anagula, bulangete anagula, kenako anakumana ndi ine, ndipo zaka zinapitirira makumi awiri. Kumudzi anthu otere amawatcha matchona. Ine mawu amenewo sindinkawatchula m'nyumba ngakhale titayambana chotani.

Ndiye kunabwera kalata yochokera kwa mlongo wawo, itayenda miyezi iwiri. Inati amayi anasiya kuona, satulukanso panja, ndipo tsiku lililonse amafunsa ngati mwana wawo wa ku Bulawayo ali moyo. Kumapeto kunali mawu akuti, "Ngati mulipo, bwerani adzakugwireni nkhope." Amuna anga anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda, n'kuiika m'Baibulo pamwamba pa wailesi. Tsiku limenelo sanamuseke poto. Koma ulendo unali wovuta. Malire a ku Zambia anali otseka, a ku Mozambique anali atatsekedwanso, ndipo njira ya ku Tete inali ya nkhondo. Kunatsala ndege yokha yochokera ku Salisbury, ndipo zimene tinali titasunga sizikanakwana.

Thandizo linabwera ndi mkulu wina wa mpingo wathu, khukhi wa kumayadi, amene ankatitenga ngati ana ake. Anati bwana wake, mzungu wokalamba, nayenso akupita kumwera. Popeza opita sankaloledwa kutuluka ndi ndalama zambiri, iye ankagula zinthu zakale zoti akagulitse uko, makamaka mawailesi. "Ndamuuza kuti ku Pumula kuli katswiri, ali nawo asanu ndi awiri," anatero mkuluyo. "Abwera Loweruka, ndidzamutsogolera ndine." Amuna anga anayang'ana mawailesi awo imodziimodzi, kenako anayang'ana ine. M'maso mwawo ndinaona bwinobwino kuti akundikumbutsa tsiku lililonse limene ndinawatcha zinyalala.

Tsopano apa mundimvetse. Ife kwathu mlendo sitimupatsa madzi m'kapu yakuda. Mbuzi yopita nayo kumsika timaidyetsa, mkwatibwi timamusambitsa n'kumudzoza mafuta. Chinthu chopita m'manja mwa munthu wina chimayenera kuoneka kuti chikuchokera kwa anthu. Ndiye titayang'ana mawailesi aja, okalikakalika, nsalu za kutsogolo zong'ambika, ena ali ndi zipsera za makapu a tiyi, tinagwidwa manyazi. Amuna anga, amene ankaphunzitsa anthu za mkuyu ndi nyerere, ndi amene anayamba kunena kuti, "Mayi, mlendo sitingamuonetse zinthu zili chonchi."

Anapempha tchuthi cha masiku awiri kuntchito. Anapala matabwa onse ndi pepala lokhakhala mpaka kuyera, n'kupaka utoto wonyezimira umene unatsala popaka zitseko za tchalitchi. Utoto wofiirira unathera pa wailesi yachisanu, ndiye ziwiri zotsalazo zinakhala zobiriwira. Mabatani akale osweka anawataya kudzala n'kuikapo atsopano owala, otayidwa ku fakitale. Ine ndinapereka chitenje changa chojambulidwa nkhanga, tinachidula n'kuika m'malo mwa nsalu zong'ambika zija. Amayi awiri a kutchalitchi anabwera kudzathandiza, poti mutu umodzi susenza denga, ndipo anakwecha kumbuyo konse ndi sopo mpaka timapepala tija tinachoka. Nditafunsa ngati timapepalato sitifunika, katswiri anayankha kuti, "Ndinawerenga kale, zonse zili m'mutumu."

Mlandu wanga nanenso ndiuvomere. Ndine ndinatsuka magalasi a kutsogolo. Ndinawaviika m'beseni la madzi ofunda, ndipo nditawavuula anali oyera mbee, mizinda yonse itatsala m'madzi. Sindinkadziwa kuti zilembo zija n'zongomata kumbuyo kwa galasi. Ndinaima ndi beseni m'manja. Amuna anga anayang'ana m'madzimo nthawi yaitali, London ndi mizinda inzake ikusungunuka, koma sanakalipe. Anatenga kamtengo kosongola ndi utoto woyera, nakhala pansi kulembanso maina amene ankawakumbukira. Dzanja lawo linali labwino, zimenezo sindingawamane. Pa wailesi yaikulu koposa malo anatsala pakati pa Lusaka ndi Blantyre, ndipo pamenepo analembapo Dedza.

Poto wa apongozi yekha ndi amene sanakhudzidwe. Amuna anga anati ndikamubise kukhitchini, angatichititse manyazi pamaso pa mlendo. Ndinamuika pa shelefu pafupi ndi chitini cha masamba a tiyi, n'kumutchinga ndi lichero.

Loweruka cha m'ma teni, kagalimoto kanaima pa geti. Anthu anasuzumira m'mazenera, poti mzungu wosavala yunifolomu sankaoneka kawirikawiri kwathu. Anali nkhalamba yowonda, ya kabudula, mawondo ofiira. Amuna anga anali atavala suti ya ku tchalitchi. Mawailesi tinawandandalika m'chipinda chochezera, akunyezimira, nyumba yonse ikununkha utoto.

Mzunguyo analowa akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunathera pakhomo. Anayenda pang'onopang'ono, nagwira imodzi yobiriwira, chala chinamata. Anasuzumira kumbuyo kufuna kapepala, osakapeza. Anayang'ana nkhanga zanga. Kenako anadzikhazika pa mpando tisanamupatse, n'kugwira mutu.

"Ini wena enzile, madala?" anafunsa m'Chilapalapa, chinenero cha mabwana ndi antchito awo, kutanthauza kuti mwachita chiyani.

"Tawakonza, bwana," anatero amuna anga monyadira. "Anali akuda."

Iye anayamba kufotokoza m'Chingerezi, mkulu wa mpingo akumasulira ngakhale tonse tinkamva, mwina pofuna kufewetsa mawu. Anati ogula zakale amafuna chinthu chili mmene chinachokera kwa amene anachipanga. Zokalika, nsalu yakale, mabatani osweka, zonsezo ndi mboni za zaka zake. Anati kapepala ka kumbuyo kaja ndiko chitupa cha wailesi. Mawu amenewo sanafunike womasulira, poti aliyense wa ife ankadziwa chimene chimamuchitikira munthu wopanda chitupa m'tauni muno. Anati akanawapeza mmene analili Lachitatu, akanagula anayi kapena asanu. Mmene analili tsopano, mwina akanangozulamo timababu tingapo.

Ndinayang'ana amuna anga. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo likanakhala tsiku lina ndikanawauza mwambi umenewo mokoma. Koma anali ataima mu suti yawo, manja ali lende, ndipo ndinadziwa kuti sakuganiza za dzina la katswiri. Ankaganiza za kalata ili m'Baibulo. Mzungu uja anawerama pa wailesi yaikulu, akuwerenga ndi chala, kenako chalacho chinaima.

"Dedza? Kuli nyumba ya wailesi ku Dedza?"

"Kuli amayi anga," anayankha amuna anga.

Ndinathawira kukhitchini, chifukwa sindinkadziwa ngati ndiseka kapena ndilira. Komanso mlendo ndi mlendo, ngakhale wakukhumudwitsa amamwa tiyi. Potenga chitini cha masamba ndinagunda lichero lija, linagwa n'kugubuduka kutulukira pakhomo mpaka pa mapazi a alendo. Mzunguyo anadzutsa mutu. Ndinangozindikira ali m'khitchini mwanga, malo amene ngakhale mkulu wa mpingo sankalowamo, osaodira n'komwe.

Anamutsitsa poto ndi manja awiri. Ndiye anachita zimene ndinaziona kambirimbiri pakhonde pathu: anamva kulemera kwake, anatsegula kumbuyo, analowetsa mphuno, anazula kababu n'kupita nako pazenera. Kapepala kanalipo, katachita chikasu ndi utsi wa khitchini. Atafunsa za katoni, ndinakaitenga kunsi kwa bedi, ndipo anaseka ngati mwana. Anati kale ankayenda ndi mawailesi amenewa pa lole kukagulitsa m'midzi ya kumpoto, ndipo ambiri anathera m'manja mwa ana kapena anasandukadi miphika. Wathunthu chonchi, wosapakidwa kanthu, anali asanamuone kwa zaka zambiri. "Mushe sterek," ankangobwereza, kutanthauza kuti wabwino zedi. Kenako anatchula mtengo, ndipo mkulu wa mpingo anachita kukhala pa ndowa yanga. Pophatikiza ndi zimene tinasunga, ndege inali itakwanira.

Onse anayang'ana amuna anga, poti ndiwo eni nyumba. Iwo anapukusa mutu.

"Aikona, bwana. Si wanga, ndi wa mayi." Kenako anatembenukira kwa ine, n'kutsitsa mawu m'chinenero chathu. "Mayi, musagulitse. Chimene bambo anu anakusiyirani n'chimenechi chokha. Wolakwa ndine, ndipeza njira ina."

Njira ina panalibe, tonse tinkadziwa. Ndinakwiya, ndisabise. Ndinakwiyira utoto, ndinakwiyira beseni, ndinakwiyira munthu amene ananyoza chinthu changa zaka zonsezi n'kudzasankha tsiku limeneli kuti achilemekeze. Sindinkafuna kumupereka poto. Pa batani lake panali posalala pamene chala cha bambo anga chinkagwira. Koma ndinakumbukiranso kuti bambo angawo imfa ya amayi awo anaimvera pa kasefa komweka, atakhala pa mpando mmene amuna anga ankakhalira, ndipo kwawo sanapitenso mpaka tinawaika konkuno. Ndinali mtsikana, koma nkhope yawo ya tsiku limenelo ndimaionabe.

"Bambo," ndinatero, "katswiri ndinu. Tamuuzeni mlendoyu ngati mtengo watchulawo uli woyenera."

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anavula jekete, n'kupinda manja a malaya. Abale inu, zimene ndinamva tsiku limenelo! Poto uja sachita dzimbiri, chiswe sichimudya, mphemvu sizimulowa, amagwira Blantyre ngakhale kuli mvula ya mabingu, ndipo mavalavu ake onse ndi omwe anabadwa nawo. Zaka khumi ndi zisanu ndikumva za nyemba, osadziwa kuti munthu wasunga matamando onsewa m'mimba. Mzungu anawonjezera pang'ono, mwina pofuna kuti angosiya kuyankhula. Katoni ya nsapato ya mabatire sanaifune. Inatsala pa shelefu, timawaya tikulendewera.

Patatha milungu iwiri amuna anga anakwera sitima ya ku Salisbury, atanyamula shuga, nsalu, ndi bulangete latsopano, poti lija analonjeza linali litatha kalekale ndi ana athu. Ndege ankaiopa kwabasi. Anandifunsa kawiri konse ngati m'mwambamo muli pogwira.

Nyumba inakhala zii. Mawailesi asanu ndi awiri ankangondiyang'ana ndi nkhanga zawo, popanda ngakhale imodzi yotsokomola. Dzuwa likalowa ndinkapezeka ndakoka mpando pamalo paja, n'kudzakumbuka ndakhala kale. Mayi wa nyumba yoyandikana, Mndebele wamtima wabwino, anali ndi wailesi yatsopano, ndipo ankandiitana kuti, "Woza, makhelwane," ndikamvere nawo. Ndinkapita mwaulemu, koma yake inkangoimba nyimbo za konkuno ndi kunena za nkhondo. Kalata sindinaiyembekezere, poti masiku amenewo kalata inkachedwa kuposa munthu. Ndinakhala milungu isanu osadziwa ngati anafika, ngati anawapeza, kapena ngati bambo anga ndinawagulitsira pachabe chinthu chawo.

Anabwera masana, ine ndikuyanika zovala. Ndinawaona akuchokera kokwerera basi, sutikesi ili m'manja, ataonda, ndipo ndinayamba kale kukonza mawu owaseka nawo za ndege. Atafika pa geti anaika sutikesi pansi n'kuvula chipewa. Mutu unali wometedwa mpala. Kwathu munthu sameta chotero popanda chifukwa, amameta maliro akatha. Ndinagwetsa zovala m'dothi n'kuyamba kulira, anansi anathamangira, ndipo madzulo ake anthu a mpingo anadzaza nyumba kudzakhuza, atakhala mothinana pakati pa mawailesi.

M'mawa mwake, anthu atabalalika, anandiuza zonse. Anawapeza ali moyo. Amayi anawagwira nkhope yonse, mphumi, mphuno, makutu, n'kunena kuti, "Ndiwedi, koma wakalambiranji chonchi?" Bulangete lija anafunda. Anakhala limodzi masiku asanu ndi anayi, ndipo la khumi amayi anamwalira mwana wawo ali pambali.

"Ndinakutumizirani uthenga, mayi," anatero. "Ndinakwera basi mpaka ku boma kukaupereka. Anauwerenga kawiri, ndinaumva ndi makutu angawa pa wailesi ya aphunzitsi a m'mudzimo. Ndinati basi, panopa mayi amva. Atatha kuwerenga kachiwiri m'pamene ndinakumbukira kuti poto kulibe."

Ndinayang'ana mawailesi aja. Kenako ndinati, "Uthengawo ndi wanga, ndipo sindinaumve. Ndiuzeni mmene unawerengedwera."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuwaseka. Ndiye anadzuka, nakoka mpando, nakhala pafupi ndi wailesi yaikulu ija yolembedwa Dedza. Ine ndinakhala pamalo panga pa masiku onse. Anakonza kukhosi, natsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke nthawi yomweyo. Sindinawafulumize. Ndinadikira.